BARNACLE: TSEKWE AMENE ANKATI SABADWA M'DZIRA

Aliyense amene adakhalako pa benchi la sukulu adziwa kuti tsekwe pa Chingerezi ndi goose, ndi kuti atsekwe akachuluka sitinena gooses ai, koma geese. Amene adapitirirako pang'ono adziwanso kuti tsekwe wamphongo ndi gander, ndi kuti mwana wache ndi gosling. Koma alipo mau ena amene ngakhale Angerezi eni ache ambiri sadziwa kuti poyamba lidali dzina la tsekwe. Mauwo ndi barnacle. Mukafunsa Mngerezi lero kuti barnacle nchiyani, adzakuyankhani kuti ndi kanyama ka m'nyanja ya mchere, kokhala m'chigoba monga nkhono, kamene kamakangamira pa miyala ndi kunsi kwa zombo. Sadakunamizeni ai, koma wangokupatsani theka la nkhani. Kwa zaka zoposa 300, kanyamako kasadalandire dzinali, mwini dzina adali mbalame. Tsono m'phunziro lino tiyeni tione m'mene mbalame idalandidwira dzina lache ndi kanyama ka m'chigoba, ndiponso m'mene mbalame yomweyo idabvutira mitima ya akristu pa nyengo ya Lenti.

Tiyambe ndi katchulidwe. Mauwa ali ndi maphatikizo atatu, ndipo mphamvu ya liu igwera pa phatikizo loyamba, motere: BA-na-kl. Lilime lathu lidazolowera kutsekera mau onse ndi a, e, i, o kapena u, kotero kuti mwana adzafuna kunena kuti banakolo. Mphunzitsi amthandize kumeza kumapetoko. Zikachuluka tingoonjezera s, nkukhala barnacles. M'zolembedwa za Chingerezi za m'zaka za m'ma 1200 dzinali lipezeka lolembedwa bernekke kapena bernake, ndipo pa Chilatini cha masiku amenewo ankati bernaca. Afalansa mpaka lero mbalameyi amaitcha bernache. Katswiri wina wa zinenero, Max Müller, amene adaphunzitsa ku Oxford, adaganiza kuti dzinali lidachokera ku Hibernia, dzina la Chilatini la dziko la Ireland, ngati kunena kuti kambalame ka ku Ireland. Ganizoli nlokoma kulimva, koma akatswiri anzache sadalibvomere, ndipo ife tilisiye pomwepo.

Nanga mbalame yeniyeniyo njotani? Ndi tsekwe wocheperapo poyerekeza ndi tsekwe wathu wamkulu wa m'madambo, uja wokhala ndi munga pa phiko. Kutalika kwache ndi masentimita 60 kapena 70, ndipo alemera pafupifupi makilogalamu 2. Nkhope yache njoyera mbee, khosi ndi chifuwa nzakuda bii, msana ngwotuwa wa mizeremizere, kumimba nkoyera. Chifukwa cha nkhope imeneyi ophunzira za mbalame amamtcha Branta leucopsis. Leucopsis ndi Chigriki, ndiko kuti wa nkhope yoyera. Chakudya chache ndi udzu, ndipo amadya m'magulu akuluakulu monga nkhosa pa busa. Akamauluka, kulira kwao kumveka ngati tiagalu tambiri tikuuwa patali.

Anthu a ku Ireland ndi ku Scotland adamdziwa bwino tsekweyu, koma adamdziwa theka la chaka lokha. M'mwezi wa Okutobala, kuzizira kukayamba kwaoko, atsekwe ankangotulukira kuchokera ku nyanja, zikwi ndi zikwi, onse akuluakulu okhaokha. Pofika Epulo ankazimirira. Padalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene adaonapo chisa chao, dzira lao, kapena kamwana kao. Tsono pa magombe omwewo mafunde ankalavula mitengo yoola ndi matabwa a zombo zosweka, ndipo pa matabwapo pankalendewera tinthu todabwitsa. Kalikonse kadali ndi phesi lalitali, lofewa, loderako, lopindika ngati khosi la tsekwe. Kumapeto kwa phesilo kudali chigoba choyera chosongoka. Ndipo chigobacho chikayasama, munkatuluka timanyenje tonga nthenga. Khosi lakuda, mutu woyera, nthenga: nanga munthu akadaganiza chiyani? Adatenga zinthu ziwirizo, mbalame yopanda dzira ndi chigoba cha nthenga, nazimangirira pamodzi, nati: nali dzira lache lija. Ena adaonjezera kuti m'mbali mwa nyanja muli mtengo umene zipatso zache ndi atsekwe. Chipatso chikagwera m'madzi chisanduka mbalame, chikagwera pa mtunda chingoola. Nchifukwa chache Angerezi ankamtchanso tree goose, ndiko kuti tsekwe wa mu mtengo.

Tisafulumire kuwaseka. Kodi kwathu kuno sitimva anthu akunena kuti anankafumbwe amabadwa m'chimanga momwemo, ndi kuti mphutsi zimachokera mu nyama yoola? Dzira la nankafumbwe silioneka msanga ndi maso, tsono munthu angonena chimene waona. Ku Ulaya nakonso ophunzira adakhulupirira zomwezo za mphutsi kufikira chaka cha 1668, pamene sing'anga wa ku Italy, Francesco Redi, adaphimba nyama ndi kansalu, naonetsa kuti pamene nchenche sidatere, mphutsi sizituluka.

Nthano ya tsekweyi njakale ndithu. Mu mzinda wa Exeter, ku England, asunga buku lolembedwa pamanja chaka cha 1000 chisadakwane, m'mene muli zilapi zambiri. Chimodzi mwa izo chinena za chinthu chokulira m'madzi chitakangamira ku mtengo, kenaka nkuuluka, ndipo ophunzira ambiri ati yankho lache ndi tsekwe ameneyu. Koma amene adaibukitsa nthanoyi pa Ulaya ponse ndi Giraldus Cambrensis, mkulu wina wa Eklezia wa ku Wales, munthu wophunzira ku Paris. Iye adapita ku Ireland m'chaka cha 1185 pamodzi ndi John, mwana wa mfumu Henry II, ndipo cha m'ma 1188 adatsiriza buku lache lotchedwa Topographia Hibernica, limene adaliwerenga poyera ku Oxford masiku atatu otsatizana. M'bukumo anena kuti iye mwini adaona ndi maso ache timbalame toposa 1,000 tikulendewera ndi milomo pa mtengo umodzi, tili m'zigoba zao, toumbidwa kale. Zigobazo adazionadi, timbalameto adationa ndi mtima umene udadziwiratu chimene ufuna kuona.

Apa ndi pamene nkhani ya dzina isanduka nkhani ya chikumbumtima. Lenti wa masiku amenewo sadali wopepuka monga wathu ai. Masiku onse 40 akristu sankalawa nyama, ngakhale mazira, mkaka ndi mafuta a nyama. Pamwamba pache padali Lachisanu lililonse ndi masiku ena ambiri osala. Ndiponso ku maiko a kumpotowo Lenti agwa kumapeto kwa nyengo yozizira, pamene nkhokwe zapepuka, monga m'mene Febuluwale achitira kwathu kuno. Taganizani tsono: munthu ali ndi njala, ndiwo ndi nsomba youma tsiku ndi tsiku, ndipo kuseri kwa nyumba yache atsekwe onona ali mbwee pa dambo. Njala ndi mphunzitsi wa nzeru zokhota. Wina adalingalira motere: lamulo liletsa nyama, nyama ndiyo yobadwa kwa nyama inzache, tsekwe uyu sabadwa kwa tsekwe koma kwa mtengo ndi madzi, chifukwa chache si nyama. Giraldus atiuza kuti m'madera ena a Ireland maepiskopi ndi anthu a m'zipani za Eklezia ankadya mbalameyi pa masiku osala, mtima osawagunda mpang'ono pomwe.

Iye mwini, ngakhale adakhulupirira za chigoba, za mphikazo sadazibvomere. Yankho lache nlakuthwa. Adamu, kholo lathu loyamba, naye sadabadwe kwa mai. Kodi tsono munthu akadadya nchafu ya Adamu, tikadati sadadye nyama? Pamenepa adalasa pa mtima peni peni pa mlandu, pakuti chinthu tichiyesa ndi chimene chili, osati ndi njira imene chidadzera. Patapita zaka, Vincent wa ku Beauvais, wa chipani cha Dominiko Woyera, adalemba kuti Papa Innocent III adaletsa kudya mbalameyi pa Lenti, pa msonkhano waukulu wa maepiskopi wa ku Lateran m'chaka cha 1215. Mabuku ambiri a lero abwereza zimenezi ngati kuti lamulolo lilipo lolembedwa. Koma mukawerenga malamulo 71 a msonkhanowo simudzapezamo tsekwe. Chimene tili nacho ndi umboni wa Vincent, ndipo mphunzitsi wosamala adzanena kuti Vincent atero, osati kuti msonkhano udatero. Ayuda a ku France nao adakomana ndi funso lomweli pa malamulo ao a zakudya. Mphunzitsi wao wamkulu, Jacob ben Meir, wotchedwa Rabbenu Tam, amene adamwalira m'chaka cha 1171, adaweruza kuti mbalameyo iphedwe monga mwa mwambo wophera mbalame zonse, isayesedwe chipatso.

Pali chinthu china chimene Giraldus adachita, ndipo ichi ndifuna kuti akatekisiti achimvetse bwino. Iye adatenga tsekweyu namuyesa umboni wa chikhulupiriro chathu. Adalingalira kuti ngati mbalame ibadwa tsiku ndi tsiku popanda tate ndi mai, Ayuda alibe chifukwa chokanira kuti Ambuye athu adabadwa mwa Maria Virigo popanda tate wa pansi pano. Adanena zimenezi mwaukali ndi monyoza, ndipo pamenepo sitingamtsate, pakuti Eklezia pa msonkhano wa Vatican II, m'chaka cha 1965, adakaniratu chidani ndi chinyozo chonse chochitira Ayuda. Koma ngakhale akadanena mofatsa, mzati umene adachirikizira nyumba udali wofumbwa. Tsiku limene munthu adzatole dzira la tsekwe, womvera uja amene chikhulupiriro chache chidatsamira pa chigoba adzati chiyani? Augustine Woyera adachenjezeratu, m'buku lache lomasulira Genesis, kuti mkristu akamalankhula zosadziwa za nyenyezi, nyama ndi zomera ngati kuti ndicho chiphunzitso cha Malembo, akunja amene adziwa bwino zinthuzo adzaseka, ndipo adzakana pamodzi ndi zoona zomwe. Fanizo la chilengedwe nlabwino pophunzitsa, Ambuye eni ache ankaphunzitsa ndi mpiru ndi mpheta. Koma musadalitenge, yambani mwaona ngati mpiruwo umeradi chomwecho.

Amene adayamba kugwetsa nthanoyi ndi anthu awiri a m'zaka za m'ma 1200, wina mfumu, wina wansembe. Mfumu yaikulu Frederick II, amene adali pa udani ndi Apapa zaka zambiri, adalinso munthu wokonda mbalame koposa, nalemba buku la usaki wa mbalame lotchedwa De arte venandi cum avibus. Iye sadakhutire ndi zakumva. Adatuma amithenga ku maiko a kumpoto kuti akamtengere matabwa enieniwo. Atawayang'ana, adapeza zigoba zokangamira pa mtengo woola, koma zosafanana mpang'ono pomwe ndi thupi la mbalame. Tsono adagamula kuti atsekwewo amaikira ku maiko akutali kwambiri kumene anthu safikako, ndi kuti nthanoyo idabadwa chifukwa cha kusadziwa kumene kuli zisa. Adalondola ndithu, ngakhale zisazo sadazione. Mnzache pa choonadi ichi adali Albertus Magnus Woyera, wa chipani cha Dominiko, mphunzitsi wa Thomas Aquinas Woyera. M'buku lache la zinyama adaitcha nthanoyi yopanda pache, nati iye ndi anzache adaona atsekwe otere akukwerana, akuikira mazira ndi kulera ana ao monga atsekwe ena onse. Sikudabwitsa kuti Papa Pius XII m'chaka cha 1941 adamuika kukhala nkhoswe ya ophunzira za chilengedwe.

Mukadayesa kuti mfumu ndi woyera atalankhula, nkhani yatha. Ai ndithu. Nthano yokoma ili ngati kapinga: ulima lero, mawa waphukanso. M'chaka cha 1435 Aeneas Silvius Piccolomini, amene pambuyo pache adakhala Papa Pius II, adatumidwa kwa mfumu James I ya ku Scotland, ndipo ali kumeneko adapempha kuti amuonetse mtengo wobala atsekwe. Adamuyankha kuti mtengowo suli kwao kuno ai, uli ku zilumba za Orkney, kumpoto kwambiri. Iye adazindikira pomwepo khalidwe la zodabwitsa zotere, kuti ukaziyandikira zimasunthira patsogolo. Ndi momwemo mpaka lero: amene adaona ndi msuweni wa mlamu wa mnansi, wa kutsidya kwa mtsinje. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa.

M'mwezi wa Juni 1596 amalinyero a ku Holland a ulendo wa Willem Barentsz, pofuna njira ya kumpoto yopitira ku China, adatulukira chilumba cha Spitsbergen, napezako atsekwe ali pa mazira. Adali a mtundu wa brent, abale ache a barnacle, amene anthu ankawanenera nthano yomweyo. Mmodzi wa amalinyerowo, Gerrit de Veer, adalemba zimenezi, nasonyeza kuti za mitengo ya ku Scotland nzabodza. Koma chaka chotsatira chomwe, 1597, John Gerard adasindikiza ku London buku lache lalikulu la zitsamba, ndipo kumapeto kwache adaikako chithunzi cha mtengo wa atsekwe, natsimikiza kuti zigoba za timbalame adazigwira ndi manja ache. Ndipo ngakhale m'chaka cha 1678 bungwe la ophunzira la Royal Society lidasindikiza kalata ya Robert Moray yonena kuti adatsekula zigoba pa chilumba china cha ku Scotland, napezamo timbalame ta milomo, maso ndi mapiko. Padali patapita zaka pafupifupi 400 chimwalirire Albertus Woyera.

Tibwerere ku dzina lathu. Popeza anthu ankayesa chigoba chija tsekwe wosakhwima, adayamba kuchitcha ndi dzina la tsekwe, monga ife titcha mbeu ndi dzina la mtengo wache. Tanthauzo latsopanoli lioneka m'Chingerezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500. Kuyambira pamenepo mlendo adayamba kulanda nyumba. Chifukwa chache nchosabvuta kuchiona: mbalameyo idadziwika pa magombe owerengeka, miyezi yowerengeka, pamene zigobazo amalinyero ankazipala kunsi kwa zombo zao m'nyanja zonse za dziko lapansi, chaka chathunthu. Liu likhala la amene alitchula kawirikawiri. Potsiriza mwini dzina adayenera kuonjezeredwa goose kuti adziwike, ngati munthu amene afika pa mudzi wa makolo ache nafunsidwa kuti ndiwe mwana wa yani.

Nthanoyi idasiya mapazi ache ngakhale m'maina a sayansi. M'chaka cha 1758 Carl Linnaeus wa ku Sweden adatcha kanyama ka phesi kaja Lepas anatifera, ndipo anatifera pa Chilatini ndiko kuti chobala abakha. Dzinalo likadalipo. Koma kanyamako nkotani kweni kweni? Si mbalame, ndiponso si nkhono, ngakhale kali ndi chigoba. M'chaka cha 1830 John Vaughan Thompson, dotolo wa asilikari wokhala ku Cork, ku Ireland komweko, adaonetsa kuti ana ache amayamba moyo akusambira momasuka m'madzi, kenaka amamata mutu wao pa mwala kapena pa thabwa, namanga chigoba, osachokanso moyo wao wonse. Ndi abale ache a nkhanu. Zija anthu ankaziyesa nthenga ndi miyendo, 12 yonse pamodzi, imene kanyamako kamakupizira nayo chakudya kukamwa. Charles Darwin adatha zaka 8, kuyambira 1846 kufikira 1854, akungoyang'ana tinyama timeneti. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Tsopano tione kagwiritsidwe nchito ka mauwa lero, pakuti apa ndi pamene ophunzira athu angapunthwe. Mukanena barnacle payekha, aliyense adzamva kanyama ka m'chigoba. Mukafuna kunena mbalame, nenani barnacle goose, ndipo akachuluka barnacle geese. S sabwera pa barnacle ai, chisintha ndi goose chokha. Tsono chenjerani: mukatembenuza mau awiriwa nkunena goose barnacle, mwatchula chinthu china, ndicho kanyama ka phesi lalitali kaja. Pa Chichewa mwini nkhani atsogola, womfotokoza natsatira: nkhuku ya mazira ndi nkhuku, mazira a nkhuku ndi mazira. Pa Chingerezi mwini nkhani akhala kumapeto. Chifukwa chache barnacle goose ndi goose, ndipo goose barnacle ndi barnacle. Lamulo lomweli likuthandizani pa mau ena ambiri: boathouse ndi nyumba yosungiramo bwato, pamene houseboat ndi bwato logonamo anthu ngati nyumba. Mwana amene wagwira ichi chokha wapindula kale ndi phunziro lino, ngakhale tsekweyo sadzamuona moyo wache wonse.

Nazi ziganizo zitatu zoti muyese nazo ana. The barnacle geese come to Islay in October: atsekwe aja amafika ku chilumba cha Islay mu Okutobala. The bottom of the ship is covered with barnacles: kunsi kwa chombo kwadzaza tinyama ta zigoba. He sticks to his office like a barnacle: wakangamira pa udindo wache osafuna kuchokapo. Chachitatuchi ndi chining'a. Tinyamati tikachuluka kunsi kwa chombo timachilemetsa, chombo nkumayenda pang'onopang'ono ndi kutha mafuta ambiri. Tsono munthu wotchedwa barnacle ndiye wokakamira pamalo, wodya za pamenepo, wochedwetsa nchito za ena. Ife tikadati nkhupakupa. Charles Dickens, m'buku lache Little Dorrit limene lidatuluka pakati pa 1855 ndi 1857, adatcha Barnacle banja lina la akuluakulu amene adadzaza maofesi a boma mibadwo ndi mibadwo popanda chochita cheni cheni. Dziwani kuti mau amenewa ngonyoza. Musawaike m'kalata yopempha nchito pofuna kunena kuti mudzakhala wokhulupirika.

Amene awerenga mabuku akale akumbukire tanthauzo loyamba lija. M'sewero la William Shakespeare lotchedwa The Tempest, la cha m'ma 1611, Caliban achenjeza anzache awiri oledzera kuti akachedwa ndi kuba zobvala, mbuye wache adzawasandutsa ma barnacle kapena anyani. Wowerenga wa lero aganiza za zigoba, koma omvera a Shakespeare adamva atsekwe, ndipo pa Chingerezi goose ndi dzinanso la munthu wopepera. M'mabuku a mbalame a zaka za m'ma 1800 mudzapeza kalembedwe ka bernicle, kamene olemba ena adakasunga pofuna kusiyanitsa mbalame ndi chigoba. Lero kadatha mphamvu. Chosokoneza china ndi chakuti dzina la sayansi Branta bernicla si la barnacle goose ai, koma la mbale wache brent uja, chifukwa akale sankawasiyanitsa bwino awiriwa. Aliponso barnacle wina wa pfuko lina, chipangizo chopanira mphuno ya kavalo wobvuta, ndipo potengera chimenechi Angerezi akale ankatcha magalasi a m'maso barnacles mwanthabwala. Ameneyu alibe chibale ndi tsekwe.

Wina adzafunsa katekisiti kuti: nanga lero lamulo litani? Yankho nlachidule. Tsekwe, bakha, nkhuku ndi nkhanga zonse ndi nyama. Thomas Aquinas Woyera adafotokoza kuti choletsedwa ndi nyama ya zolengedwa zokhala pa mtunda ndi zopuma mpweya, ndipo bakha, ngakhale asambe tsiku lonse, usiku sagona pansi pa madzi. Papa Paul VI adakonzanso malamulo a kusala m'chaka cha 1966, ndipo buku la malamulo a Eklezia la 1983, pa nambala 1251 ndi 1252, liti kusala nyama kuyamba pa zaka 14, pamene kuchepetsa chakudya pa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera kugwira a zaka 18 kufikira atakwanitsa 59. Za masiku ena a Lachisanu, bungwe la maepiskopi a dziko lililonse lili ndi mphamvu yolongosola. Mazira ndi mkaka siziletsedwanso. Choseketsa nchakuti goose barnacle weni weniyo ngwololedwa pa Lachisanu, popeza ndi mbale wa nkhanu. Ku Spain ndi ku Portugal amadya mtundu wina umene amautcha percebes, wothyoledwa pa matanthwe oopsa a m'nyanja. Koma mtengo wache ngwokwera kotero kuti woudya pa Lachisanu Loyera adzabvutika kutiuza chimene wadzimana.

Chatsala ndi kunena kumene tsekwe wathu amabadwira. Alipo magulu atatu akuluakulu. A kum'mawa kwa Greenland amathawira chisanu ku Islay ndi kumadzulo kwa Ireland; a ku zilumba za Svalbard amapita ku Solway Firth, pa malire a Scotland ndi England, ulendo wa makilomita pafupifupi 3,000; a kumpoto kwa Russia amatsikira ku Holland ndi ku Germany. Ku Greenland ambiri amamanga zisa pamwamba pa matanthwe aatali, poopa nkhandwe za kumeneko. Wamkazi aikira mazira 4 kapena 5, nafungatira masiku pafupifupi 25. Tsono bvuto nali: tsekwe satengera ana ache chakudya ku chisa monga ichitira njiwa, ndipo pa thanthwe palibe udzu. Anawo asadathe masiku atatu, mapiko asadamere, makolo aulukira pansi nawaitana, ndipo tianato tidziponya kuchokera pamwamba, mwina mamita oposa 100. Popeza ntopepuka ndi ta ubweya wambiri, tambiri timadzuka titagunda miyala, nkutsata mai wao ku dambo. Tina tifera pomwepo, tina tigwidwa ndi nkhandwe zodikira pansi.

Gulu la ku Solway lidatsala pang'ono kutha: m'chaka cha 1948 adawerengedwa pafupifupi 300 okha. Ataletsa kuwaombera adachulukanso kupitirira 30,000, ngakhale chimfine cha mbalame cha m'nyengo yozizira ya 2021 ndi 2022 chidapha pafupifupi limodzi mwa magawo atatu a gululo. Ndipo atsekwe ena adaleka ulendo wautali uja. M'chaka cha 1971 awiri adamanga chisa pa kachilumba ka pafupi ndi Gotland, ku Sweden, ndipo kuyambira pamenepo mtunduwu wafalikira m'mbali mwa nyanja ya Baltic mpaka ku Holland. Lero amaikira mazira pa tizilumba ta pafupi ndi mzinda wa Helsinki, namadya kapinga m'mabwalo opumulirako anthu, ochuluka kotero kuti eni mzinda adandaula ndi zitosi zao.